Mwana wanga akufuna kuulutsa ndege pa kompyuta: ndigule iti?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Luwinga. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndipo kuyambira ali wamng'ono amanena kuti adzakhala woyendetsa ndege. Ndasunga kandalama kuti ndimugulire kompyuta ya patebulo yoti aziyesererapo kuulutsa ndege. M'tauni muno ndapeza ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito, zithunzi zake ndatumiza. Yoyamba ndi yaing'ono, yooneka bwino, papepala alembapo "Core i7, RAM 16GB, graphics 4GB, 1TB". Yachiwiri ndi chibokosi chachikulu chokalikakalika m'mbali, alembapo "Ryzen 5 3600, GTX 1660 Super, RAM 8GB, SSD 256GB", ndipo ndi yodulirapo. Mtima wanga uli pa yoyamba chifukwa manambala ake ndi akuluakulu. Intaneti kunyumba timadalira mabandulo a pa foni. Ndigule iti?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha zithunzi zija, zandipeputsira ntchito. Tengani yachiwiri, chibokosi chokalikacho. Koma musatulutse ndalama m'thumba musanachiyese mmene ndifotokozere, ndipo musathere ndalama zonse pa bokosi lokha, chifukwa pali zina zofunika kuwonjezera. Ndiyambe ndi yoyamba ija popeza ndi imene yakukopani, monga inakopera anthu angapo amene amafika pa benchi yanga atagula kale, nkhope zitagwa.

Mawu akuti "i7" ali ngati mfunda. Agogo a zaka 80 ndi mdzukulu wawo wa zaka 20 onse ndi a Phiri, koma simungawatume kuthamanga mtunda umodzi. Chimene chimaulula msinkhu wa pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndi nambala yotsatira. Pa chithunzi chimene wogulitsa anayatsa sikirini pakuoneka i7-3770. Nambala 3 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa chaka cha 2012. Mukaona i5-8400, umenewo ndi m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa 2017. Mukaona i5-12400, ndi wa 2022. Kapulosesa kotchedwa i3-12100, kamene dzina lake likumveka ngati kamwana, kamaisiya kutali i7 ya 2012 ija. Ryzen 5 3600 ya m'bokosi lachiwiri ndi ya 2019, ili ndi ma core 6, timagawo togwira ntchito m'kati mwa pulosesa, pamene i7 ija ili ndi 4, ndipo core iliyonse payokha ndi yachangu kuposa ya inzake.

Chachiwiri ndi "graphics 4GB". Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Nambala ya 4GB ikunena kukula kwa nkhokwe, sikunena mphamvu ya chigayo. Khadi la graphics, lojambula zithunzi pa sikirini, limene lili m'kabokosi kaja ndi GT 730, la chaka cha 2014, ndipo analipanga kuti munthu wa mu ofesi alumikize masikirini awiri n'kumalemba makalata. Mungalipatse nkhokwe yaikulu bwanji, chigayo chake n'chaching'ono. X-Plane 12, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege, imafuna makhadi a NVIDIA kuyambira gulu la 900 kupita m'tsogolo, kapena a AMD kuyambira RX 500, choncho pa GT 730 siyaka n'komwe. GTX 1660 Super ndi khadi lenileni la masewera, la kumapeto kwa 2019, lokhala ndi 6GB yachangu. Makhadi awiriwa sali pa mzere umodzi ayi. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwina munganene kuti ndigula kakang'onoko kenako ndidzasintha khadi. Kabokosi ka mu ofesi sikalola zimenezo mosavuta. Mkati mwake ndi mothithikana, khadi la msinkhu wonse silikwanamo, ndipo power supply yake, kabokosi kogawa magetsi mkatimo, nthawi zambiri imangopereka mawati 200 ndi kanthu, yopanda chingwe chodyetsera khadi lamphamvu. Mapulagi ake enanso ndi a kampani yomweyo yokha, moti simungangogula power supply ina m'sitolo n'kuikamo. Komanso 1TB ija ndi disiki yozungulira yakale, imene imachedwa kwambiri potsegula mapu a dziko. Ndipo pali nkhani ya Windows: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pamene Windows 11 imalandira mapulosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu ndi Ryzen kuyambira gulu la 2000. Ndiye kuti i7-3770 yatsala kunja, Ryzen 5 3600 ili mkati.

Tsopano ndifike pa chimene ndimachiona chachikulu kuposa bokosi lenilenilo, ndipo anthu olemba malangizo ali ku Ulaya kapena ku America sachiganizira chifukwa kwawo si vuto. Musanasankhe kompyuta muyenera kusankha simulator, pulogalamu imene mwana aziulukirapo, ndipo kuno ku Mzuzu simulator imasankhidwa ndi intaneti imene muli nayo. Mwanena kuti mumadalira mabandulo a pa foni. Mawu amenewo okha asintha yankho lonse.

Mwana wanu ayenera kuti anaonera mavidiyo a Microsoft Flight Simulator pa YouTube, ndipo ndi okongoladi. Pali mitundu iwiri imene ikugwiritsidwa ntchito masiku ano. Wa 2020 unatuluka mu August chaka chimenecho, ndipo opanga ake ananena kuti umafuna malo okwana 150GB pa disiki. Tiwerenge pamodzi. Ngati intaneti yanu ikuyenda pa 5 Mbps osaduka, kutsitsa 100GB kumatenga maola pafupifupi 44. Mtengo wa mabandulo okwana 100GB mukuudziwa nokha kuposa ine. Pamwamba pa apo pamabwera zosintha zina zimene pulogalamuyo imakukakamizani kutsitsa musanauluke, ndipo zithunzi za dziko zimene zimaukongoletsa umazikoka pa intaneti kuchokera ku Bing Maps uku mukuuluka. Mtundu wa 2024, umene unatuluka mu November chaka chimenecho, umaoneka wopepuka chifukwa umangopempha 50GB pa disiki, koma n'chifukwa chakuti pafupifupi zonse, dziko, mabwalo ngakhale ndege zimene, umazikoka pa intaneti nthawi imene mukuzifuna. Opanga ake amati pamafunika 10 Mbps pochepetsetsa, ndipo 50 Mbps kuti ziyende bwino. Paipi ya 10 Mbps itadzaza ola lathunthu imadutsa 4.5GB. Sikuti imadzaza nthawi zonse, koma mukuona kumene nkhaniyi ikulowera. Netiweki ikagwa madzulo aliyense akakhala pa foni, mapiri amasungunuka ngati phala, ndipo nthawi zina mkati mwa ndege mumachedwa kuoneka. Kwa munthu amene ali ndi Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, kapena intaneti ya chingwe yopanda malire, ndi nkhani ina. Kwa inu, mtundu wa 2024 ndikuti musauganizire pakali pano.

Chimene ndingakulangizeni ndi X-Plane, ya kampani ya Laminar Research. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti dziko limakhala pa disiki yanu. Poiika imakuonetsani mapu a dziko lonse n'kukufunsani zigawo zimene mukufuna. Sankhani kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa kokha, zina zonse zisiyeni, mudzawonjezera mtsogolo. Mukatero mwana amauluka ngakhale bandulo itatha, kupatula kuti nthawi ndi nthawi pulogalamuyo imafuna kulumikizana pang'ono kuti itsimikize chilolezo. X-Plane 12 inatuluka kumapeto kwa 2022, ili ndi Cessna 172, Boeing 737-800 ndi Airbus A330 mkati momwemo. Nthaka yake siyokongola ngati ya Microsoft, nyumba za Chibavi kapena Mchengautuwa sazizindikira imodziimodzi, koma mapiri, nyanja, mitsinje ndi misewu ikuluikulu zili pamalo pake, ndipo mmene ndege imamvera mphepo ndi zowongolera ndi chifukwa chake anthu ofuna kuphunzira amaikonda. Ilinso ndi demo yaulere, mtundu wongoyesera, imene imalola kuuluka mphindi 15 pa ulendo uliwonse. Demo imeneyi muikumbukire, tiigwiritsa ntchito posachedwa.

Palinso FlightGear, yaulere kotheratu, imene anthu odzipereka akhala akuikonza kuyambira m'ma 1990. Siyonyezimira, koma Cessna 172 yake ndi yabwino kwambiri pophunzirira kuliza injini, kuwerenga mawotchi ndi kutera. Ngati ndalama zogulira X-Plane sizikupezeka mwezi woyamba, mwana asakhale manja lende, ayambire pamenepo.

Kunena za kugula, mapulogalamu amenewa amagulitsidwa m'madola. Microsoft Flight Simulator ya 2020 inatuluka pa mtengo wa madola 60, ya 2024 pa madola 70, ndipo X-Plane ili chapomwepo. Kulipira pa intaneti ndi khadi la ku banki kuno sikuyenda nthawi zonse chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Ngati muli ndi wachibale ku Joni kapena kwina, angagule X-Plane pa tsamba la eni ake n'kukutumizirani nambala ya chilolezo. Ogulitsa ena adzakuuzani kuti akuikirani "yaulere" yothyoledwa. Ikaneni. Ndakhala ndikuchotsa mavayirasi m'makompyuta olowetsedwa zinthu zotere, ndipo mwana sangalumikizane ndi anzake pa intaneti kapena kulandira zokonza.

Tibwerere ku chibokosi chathu. Zofooka zake ndi ziwiri, ndipo zonse zimachizika. RAM ya 8GB ndi yochepa. Muikweze ifike 16GB, ndipo ikhale timitengo tiwiri ta 8GB tofanana, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa Ryzen imathamanga bwino ikamamwa m'mipope iwiri nthawi imodzi. Tsegulani chitseko cha m'mbali muone ngati muli kamtengo kamodzi ka 8GB kapena tiwiri ta 4GB, ndiponso mipata ilipo ingati. Ngati ndi kamodzi, mugula kena kofanana nako liwiro, DDR4, n'kutha. Chachiwiri ndi SSD ya 256GB. Windows ikadya gawo lake patsala malo ochepa. Wonjezerani SSD ya 500GB kapena 1TB yoti muzikhala simulator yokha. Ngati motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse, ili ndi kampata ka M.2, tengani ya NVMe. Ngati palibe, ya SATA ikwanira, kusiyana kwake pouluka simungakuone.

Chimene ndikuchikondera kwambiri bokosi limeneli n'chakuti lili ndi tsogolo. Ryzen 5 3600 imakhala pa soketi yotchedwa AM4, ndipo ma motherboard ambiri a B450 ndi B550 amalandira mapulosesa atsopano monga Ryzen 5 5600 kapena Ryzen 7 5700X3D mukangosintha BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard. Womalizayu ndi wokondedwa kwambiri pakati pa ouluka pa kompyuta chifukwa cha cache yake, kankhokwe kachangu ka m'kati mwa pulosesa, yaikulu ya 96MB. Khadi nalonso mungadzalisinthe ndi RX 6600 ya 8GB kapena RTX 3060 ya 12GB mwana akadzafika pa ndege zikuluzikulu. Mmene kwacha ikuyendera, makamaka chichepetsereni mphamvu yake ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo imasintha mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake sindikutchula mitengo pano. Koma kompyuta imene mungamaikweze chidutswa chimodzi pa chaka ndi imene imagwirizana ndi malipiro a mphunzitsi.

Pali chinthu chimodzi cha ma simulator chimene chimasiyana ndi masewera a mpira kapena omenyana. Pulogalamuyi imawerengera mphepo pa mapiko, injini, mawotchi onse, nyengo, ndege zina ndi nyumba zikwizikwi, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi limagwera pa core imodzi. Choncho pulosesa ya ma core ambiri koma aulesi siithandiza. Anthu amanyengedwa ndi makompyuta akale a Xeon otchipa okhala ndi ma core 12, kenako amadabwa ndege ikudumphadumpha pofika pa bwalo lalikulu. Chosangalatsa n'chakuti ndege siifuna zithunzi zambiri pa sekondi ngati masewera othamanga. Zithunzi 30 pa sekondi zosadukiza n'zokwanira. Pa sikirini ya 1080p ndi makonzedwe apakatikati, bokosi lachiwiri lija lizifikitsa, makamaka mumlengalenga mwa Malawi momwe mulibe mizinda ya nyumba zosanja zambirimbiri. Pamwamba pa London kapena New York lidzapuma movutikira, ndipo pamenepo mwana adzaphunzira kuchepetsa mitambo, mithunzi ndi kutalika kwa mtunda umene kompyuta ikujambula. Sikirini ya 4K musaiyandikire, idzalemetsa khadilo kanayi. Ya mainchesi 24 ya 1080p, ngakhale yakale, ndi yabwino, ndipo TV ya pabalaza yokhala ndi HDMI ingagwire ntchito poyambira. Chingwe cha sikirini muchilowetse m'munsi, pa khadi la graphics, osati pa mabowo a m'mwamba a motherboard. Ryzen 5 3600 ilibe graphics yakeyake, ndiye mukalowetsa m'mwamba sikirini ingokhala bii, n'kuyamba kuganiza kuti akuberani.

Tsiku lokagula mupite ndi nthawi yokwanira, musapite pothamangira minibasi. Tengani flash disk imene mwaikamo demo ya X-Plane ija pamodzi ndi timapulogalamu taulere tinayi: CPU-Z, GPU-Z, CrystalDiskInfo ndi HWMonitor. Uzani wogulitsa kuti mukufuna kuiyesa kwa theka la ola. Woona mtima sakana. Ikayaka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Performance, muwerenge nokha dzina la pulosesa, kuchuluka kwa RAM ndi dzina la khadi. Musakhulupirire pepala lomatidwa pa bokosi. GPU-Z imathandiza kugwira makhadi achinyengo, chifukwa alipo akale amene anawasintha dzina kuti azioneka ngati atsopano. CrystalDiskInfo idzakuuzani thanzi la disiki ndi maola amene yagwira ntchito. Ikaonetsa chenjezo lachikasu, disikiyo yatopa. Kenako yatsani demo, muiike ndege mumlengalenga, muisiye iziuluka uku mukuyang'ana kutentha pa HWMonitor. Khadi likamakhala m'ma 70 digiri lili bwino. Likadutsa 85 n'kumakwerabe, kapena pa sikirini pakayamba kuoneka timadontho ndi mizere yachilendo, kapena kompyuta ikazima yokha, bwezani ndalama m'thumba.

Ili mkati moyesedwa choncho, gwadani muyang'ane mkati ndi tochi ya pa foni. Mafani onse akuzungulira? Pali ina imene ikulira ngati njinga yopanda girisi? Nunkhizani, fungo la pulasitiki yopsa silibisika. Onani tizitsulo ta kumbuyo ndi timisomali ngati tachita dzimbiri, chifukwa katundu wambiri amene amafika kuno kudzera ku Songwe anakhalapo m'makontena ndi m'mashopu a ku Dar es Salaam, m'mphepo ya mchere. Ndipo werengani chipepala cha pa power supply. Ichi ndi chiwalo chimene osonkhanitsa makompyuta otchipa amabisirapo chinyengo, popeza wogula sachifunsa. Mufune ya mawati 450 mpaka 550 ya dzina lodziwika, monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chingwe chakechake cha mapini 8 chopita ku khadi. Mukaona kuti khadi likudyetsedwa ndi kachingwe kolumikiza kochokera pa mapulagi a madisiki, dziwani kuti power supply imeneyo siinapangidwire ntchito imeneyi, ndipo timawaya totere timatentha mpaka kusungunuka. Zikatero musasiye bokosi lonse, koma mutsitse mtengo kuti mukagule power supply ina. Pomaliza, wogulitsa akulembereni pa lisiti mayina a ziwalo zonse ndi masiku amene mungabweze ikavuta. Lonjezo la pakamwa limauluka.

Pa power supply pomwepo, yang'anani kumbuyo ngati pali kabatani kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Zatsopano zambiri zilibe, koma zakale zochokera ku America zimakhala nako. Magetsi athu ndi a 230V. Mnyamata wina anabwera kwa ine ndi kompyuta imene amalume ake anamutumizira, ataiyatsa kabataniko kali pa 115. Anati inangoti phu, kautsi n'kutuluka, basi. Inali isanagwire ntchito ndi mphindi imodzi yomwe.

Nkhani ya magetsi ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa makompyuta ambiri amene ndimawaona atafa sanafe ndi ukalamba. Nyengo ya Mzuzu imaikomera mtima kompyuta pa nkhani ya kutentha, kuzizira kwa June ndi July ndi mankhwala kwa khadi la graphics. Adani athu ndi ena: kuthimathima kwa magetsi, mphamvu imene amabwera nayo akamayakanso, mphezi za nthawi ya dzinja, ndi chinyezi. UPS, bokosi la batire losunga magetsi, si chinthu chodzagula mtsogolo, igulidwe tsiku limodzi ndi kompyuta. Bokosi lanu likamauluka lizikoka mawati pafupifupi 250, kuwonjezapo sikirini. UPS yolembedwa 650VA imapereka mawati osakwana 400, ndiye ili pamalire. Ya 1000VA kapena kuposerapo ndi imene ingakupatseni mtendere. Ntchito yake si yakuti mwana apitirize ulendo wa ku Chileka magetsi atathima, koma kumupatsa mphindi zochepa zoti azimitse bwinobwino. Ngati kunyumba muli ndi sola ndi inverter, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave, chifukwa zotchipa zija ma power supply ena amakana kapena amalira nazo. Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri: maola atatu ouluka amadya pafupifupi yuniti imodzi.

Mphezi ndiye ilibe UPS imene ingaiimitse. Ine ndinataya motherboard chaka china mu January. Kompyuta inali yozimitsa, pulagi ya kukhoma nditazula, koma ndinaiwala chingwe cha netiweki chochokera pa rauta imene inali ikadali pa magetsi. Kunang'anima kamodzi cha kumadzulo, ndipo m'mawa mwake pa bowo la chingwecho panali pakuda. Muphunzitse mwana kuti kukayamba kugunda azizula zonse. Bokosilo lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa, likhale pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo miyezi ya mvula lisamakhale milungu yambiri osayatsidwa. Fumbi la September ndi October muzilipemerera kunja kamodzi pa miyezi ingapo, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire.

Chotsala ndi chowongolera. Kuulutsa ndege ndi kiyibodi kuli ngati kuyendetsa galimoto ndi mabatani, mwana angagwe ulesi msanga. Joystick ya Logitech Extreme 3D Pro ndi yotchipa, yolimba, ili ndi kachowonjezera moto wa injini, ndipo chogwirira chake chimapotoka kuti chigwire ntchito ya zopondera. Thrustmaster T.16000M ndi yabwinopo ngati mungaipeze. Kuno sizipezekapezeka, mungafunike kuitanitsa ku Lilongwe kapena kutuma amalonda opita ku Tanzania. Podikira, chowongolera cha Xbox cha chingwe chimagwira ntchito. Ma yoke, ziwongolero zonga za galimoto, ndi zopondera zodula zidikire kaye mpaka mutaona kuti chidwi chake sichikuzilala.

Ngati mutakafika n'kupeza chibokosi chija chagulidwa kale, musabwerere ku kakang'ono kaja. Funani china chotere: bokosi lalikulu, pulosesa ya Intel i5 ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo kapena Ryzen 5 ya gulu la 3000 kupita m'tsogolo, khadi la 6GB kapena 8GB. Ndalama zikakhala zochepa kwenikweni, Dell OptiPlex kapena HP ProDesk ya bokosi lalitali yokhala ndi i5-8500 ingalandire GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB, makhadi amene ambiri mwa iwo safuna chingwe chapadera cha magetsi. Imeneyo ingayendetse X-Plane 11 ndi FlightGear bwinobwino. Makhadi a RX 580 a 8GB mudzawapeza otchipa, koma ambiri anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto, ndipo amadya mawati 185, choncho ayeseni mowirikiza.

Aphunzitsi, popeza cholinga chanu si masewera chabe, ndinene zoona za chimene kompyutayi ingachite. Maola ouluka kunyumba sawerengedwa pa laisensi. Sidzam'phunzitsa mmene thupi limamvera ndege ikapendekeka, ndipo alangizi a ndege amadandaula kuti ana okulira pa simulator amayang'anitsitsa mawotchi m'malo moyang'ana kunja. Koma idzam'phunzitsa kuwerenga mawotchiwo, kutsata mndandanda wa zoyenera kuchita asananyamuke, kuwerengera mafuta, mphepo ndi nthawi, ndiponso chilankhulo cha pa wailesi. Masamu, Physics, Geography ndi Chingerezi zimene akuphunzira m'kalasi adzaziona zikugwira ntchito. Njirayo ena anaidutsa kale: Yolanda Kaunda anakhala kaputeni woyamba wamkazi m'dziko muno mu 2016.

Asayambe ndi Boeing ngakhale atachonderera. Ayambe ndi Cessna 172, pa bwalo la kwawo. Mu simulator mabwalo amafufuzidwa ndi zilembo zinayi: Mzuzu ndi FWUU, Kamuzu International ndi FWKI, Chileka ndi FWCL, Karonga ndi FWKA, Likoma ndi FWLK. Akaima pa bwalo la Mzuzu injini isanalire, ayang'ane wotchi ya kutalika. Idzaonetsa mafiti pafupifupi 4,100 ndege ili pansi, chifukwa mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mufunseni chifukwa chake, ndipo mum'funsenso chifukwa chimene ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke akaika kutentha kwa masana a October kusiyana ndi m'mawa wa July. Milungu yoyamba azingonyamuka, kuzungulira bwalo ndi kutera, mpaka dzanja lizolowere. Azisinthanso nyengo, aikemo chifunga chonga chimene chimakuta Viphya, kuti aone mmene phiri limasowera m'maso ndi kuphunzira kubwerera nthawi ikadalipo. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa kulemera kwa phunziro limeneli, tsiku la 10 June 2024 ku Chikangawa lidakali m'mitima yathu.

Akakhazikika, ulendo woyamba wautali ukhale wa ku Likoma, makilomita pafupifupi 100, theka la ola pa Cessna. Ajambule mzere pa mapu ndi pensulo asanayatse kompyuta, kapena agwiritse ntchito pulogalamu ya mapu ya Little Navmap imene ndi yaulere. Akanyamuka n'kulunjika kum'mwera chakum'mawa, nthaka imayamba kutsetsereka pansi pake, Nkhata Bay ili kumanzere, Chintheche kumanja, kenako madzi okhaokha mpaka Chizumulu itaonekera, Likoma ili kuseri kwake. Nyanja ili pansi kwambiri kuposa Mzuzu, pa mafiti pafupifupi 1,550 okha kuchokera pa nyanja yamchere, choncho ayambe kutsika msanga, apo ayi adzafika pa chilumba ali m'mwamba kwambiri n'kulidutsa bwalo. Wa ku Lilongwe, umene ndi makilomita 260 mumlengalenga ndipo umatenga ola ndi mphindi zochepa, ubwere pambuyo pake.